Alendo Osagula Kanthu: Mabot ndi Ziwerengero za pa Webusaiti

Pa Chimbiya, m'mbali mwa msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi boma la Dedza, galimoto sizitha. Mathiraki, mabasi a ku Blantyre, maminibasi ndi njinga zamoto za kabaza zimadutsa usana wonse pakati pa milu ya mbatatesi, tomato, kabichi ndi anyezi. Koma mayi amene wandandalika ndowa zake za mbatatesi kuyambira m'mamawa sawerenga galimoto zodutsa. Madzulo akamamanga ndalama pansonga ya chitenje, amadziwa mmene tsiku layendera poona ndowa zimene zatha. Galimoto zitha kudutsa zambirimbiri iye osagulitsa ngakhale mulu umodzi.

Mwini webusaiti amafunanso kudziwa mmene tsiku layendera, koma iye saona nkhope ya munthu, samva moni, salandira ndalama pamanja. Chimene amaona ndi manambala pa sikirini: lero kwabwera alendo angapo, achokera kwakuti, akhala masekondi akuti. Ndipo ambiri mwa alendo a pa intaneti si anthu. Kampani ya Imperva, imene imatulutsa lipoti la nkhaniyi chaka ndi chaka, inapeza kuti mu 2023 magawo 49.6 pa 100 alionse a zoyendayenda pa intaneti anali a makina. Mu 2024 makinawo anaposa anthu n'kufika pa magawo 51, ndipo magawo 37 anali a makina obwera ndi zolinga zoipa.

Makina amenewa ndi amene amatchedwa mabot.

Kumene anachokera

Bot ndi pulogalamu ya kompyuta imene imatsegula masamba a pa intaneti payokha, popanda chala cha munthu. Sitopa, sigona, ndipo imatha kumaliza masamba mazanamazana munthu asanamalize kuwerenga ndime imodzi. Yoyamba yodziwika bwino inalembedwa mu 1993 ndi Matthew Gray, amene ankaphunzira pa MIT ku America. Ntchito yake inali kuwerenga mawebusaiti, ndipo pakati pa chakacho inapeza okwana 130 okha padziko lonse. Pofika 1994 mabot anali atayamba kale kulemetsa maseva a anthu, choncho katswiri wina wa ku Netherlands, Martijn Koster, anayambitsa kafayilo kotchedwa robots.txt. Mwini tsamba amalembamo masamba amene akulola kuti mabot alowemo ndi amene sakulola. Kafayiloka kakugwirabe ntchito mpaka lero, ndipo mu 2022 kanalembedwa m'malamulo ovomerezeka a intaneti. Komabe ndi pempho chabe. Bot yaulemu imamvera, yamwano imangodutsa.

Mabot aulemu ndi ofunika. Googlebot ndi Bingbot zikapanda kufika pa tsamba, tsambalo silingapezeke munthu akamafufuza. Wina akaika linki pa Facebook n'kutuluka kachithunzi ndi mutu wa nkhani, ndiye kuti bot ya Facebook inathamangira kukaona tsambalo. Bungwe la Internet Archive lakhala likusunga masamba akale kuyambira 1996 pogwiritsa ntchito mabot.

Enawo ndi amene amavuta. Pali okopera zolemba ndi mitengo kuti akazigwiritse ntchito kwina. Pali oyesa mapasiwedi, limodzi pambuyo pa linzake, mpaka chitseko chitseguke. Pali odzaza mafomu ndi mauthenga a mankhwala abodza ndi juga, odina malonda kuti wina alandire ndalama zosagwirira ntchito, ndi ofunafuna pofooka pa seva. Palinso obwera mwaunyinji ndi cholinga chimodzi chokha, chakuti seva ilemedwe n'kugwa.

Chifukwa chake Dedza sali kutali

Munthu atha kuganiza kuti makina oterewa amalimbana ndi mabanki ndi makampani a ku Ulaya basi. Koma bot safunsa kuti tsamba ndi la yani. Imayenda motsatira mndandanda wa maadiresi. Webusaiti yatsopano ikalandira chiphaso chake chachitetezo, chija chimachititsa kuti pa mabulawuza ena paoneke kaloko, dzina lake limalembedwa m'kaundula woonekera kwa aliyense, ndipo mabot ambiri amayang'anitsitsa kaundula ameneyu. N'chifukwa chake tsamba limene mwini wake sanauzebe ngakhale m'bale wake limayamba kulandira alendo tsiku lomwe latsegulidwa.

Boma la Dedza, limene pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 830,000, lili ndi zambiri zimene anthu amazifufuza pa intaneti. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula zakale za pamiyala, amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Kuli Dedza Pottery, kuli Kungoni ku Mua Mission imene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Msika wa Chimbiya womwewu uli pakati pa misika imene bungwe la IFPRI limatengako mitengo ya chimanga n'kuifalitsa mwezi ndi mwezi. Onjezanipo malo ogona alendo, masukulu, mipingo, mabungwe a chitukuko ndi magulu a alimi. Aliyense wa amenewa akatsegula webusaiti, amakumana ndi funso lomweli.

Tiyerekeze kuti gulu la alimi a mbatatesi kufupi ndi Chimbiya lasonkha ndalama n'kulipira mnyamata wodziwa makompyuta kuti alikonzere tsamba, mahotela ndi malo odyera a ku Lilongwe aziona mitengo ndi nambala ya foni. Kwa miyezi ingapo alendo akubwera mwapatalipatali. Kenako sabata ina mzere wa pa chithunzi cha ziwerengero wangoti njo kuloza kumwamba. Komiti yakondwa. Mlembi waika nambalayo mu lipoti lopita ku bungwe limene limawathandiza. Wapampando, poona kuti alendo ambiri akuchokera ku America, wapereka ganizo lakuti zolemba za Chichewa zichepe, Chingerezi chichuluke. Koma foni ya msungichuma sinalire kuposa kale, ndipo matumba ali momwemo mosungiramo.

Gululi lapwetekeka patatu. Lapanga chisankho potengera anthu amene kulibe. Lanena bodza kwa owathandiza popanda kudziwa, ndipo tsiku limene wina adzafufuze, chikhulupiriro chidzatha. Chachitatu ndi ndalama: malo osungira webusaiti nthawi zambiri amalipiridwa m'madola, ndipo kuyambira pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 alionse mu Novembala 2023, dola iliyonse imawawa. Mabot akamaliza data imene gulu linalipira, tsamba limachedwa kapena kutsekeka kumene, mwina pa tsiku lomwe wogula weniweni amafuna kuitanitsa katundu.

Makaundula awiri

Kuti munthu amvetse mmene mabot amalowera m'ziwerengero, ayenera kudziwa kuti alendo amalembedwa malo awiri.

Oyamba ndi kaundula wa seva. Chilichonse chimene chapempha tsamba, chithunzi kapena fayilo chimalembedwamo mzere wake: nambala ya IP (adiresi ya mlendoyo pa intaneti), tsiku ndi nthawi, chimene chapemphedwa, ndi dzina limene mlendoyo wadzitchula. Muno mumalowa aliyense, munthu ndi makina omwe.

Achiwiri ndi pulogalamu yowerengera alendo, ndipo yotchuka kwambiri ndi Google Analytics. Google inaitulutsa mu Novembala 2005 itagula kampani ya Urchin, ndipo kuyambira pa 1 Julayi 2023 eni masamba akhala akugwiritsa ntchito mtundu wake watsopano wa GA4. Iyi imadalira kachidutswa ka JavaScript kobisika m'tsamba. Bulawuza ikatsegula tsambalo, kachidutswako kamatumiza uthenga kwa Google kuti kwabwera mlendo. Mabot osavuta sayendetsa JavaScript, choncho amaoneka m'kaundula wa seva mokha. Amene amadzitchula dzina moona mtima, GA4 imawachotsa yokha potsatira kafukufuku wa Google ndi mndandanda wa bungwe la otsatsa malonda la IAB, ngakhale siuza mwini tsamba kuti yachotsa angati.

Otsalawo ndi ochenjera. Kuyambira 2017 bulawuza ya Chrome imatha kuyendetsedwa ndi pulogalamu popanda sikirini kapena munthu. Bot yotere imatsegula tsamba lonse, imayendetsa JavaScript, imadzitcha foni ya Samsung kapena kompyuta ya Windows, n'kulembedwa ngati munthu.

Palinso mtundu wina wodabwitsa: alendo amene safika n'komwe pa tsamba. Tsamba lililonse lili ndi nambala yake yowerengera, ndipo nambalayo imaoneka kwa aliyense amene wayang'ana m'kati mwa tsambalo. Wachinyengo amangotumiza mauthenga abodza molunjika kwa Google ndi nambalayo. Pakati pa 2014 ndi 2016 mchitidwe umenewu unafala kwambiri, ndipo maina ngati darodar.com ndi ilovevitaly.com anadzaza malipoti a eni masamba padziko lonse. Mu Novembala 2016 munthu wina wa ku Russia, Vitaly Popov, anafika poika uthenga wokopa anthu kuti avotere Donald Trump pamalo pamene payenera kulembedwa chilankhulo cha mlendo. Cholinga cha onsewa chinali chimodzi: mwini tsamba achite chidwi, atsegule adiresi yachilendoyo, agwere m'malonda kapena m'mavairasi.

Mapazi a makina

Bot imasiya zizindikiro, ndipo chimodzi pachokha sichikwanira. Zikakumana zitatu kapena zinayi, mlandu umakhala waoneka.

Choyamba ndi nthawi. Anthu a ku Malawi amadzuka, amagwira ntchito, amagona. Ziwerengero zawo zimakwera m'mawa, zimakweranso madzulo, n'kugwa pakati pa usiku. Alendo akamabwera mofanana ola lililonse, 2 koloko ya usiku ngati 2 koloko ya masana, kapena akabwera onse pamodzi m'mphindi khumi n'kuzimiririka, pamenepo pali makina.

Chachiwiri ndi malo. Eni masamba ambiri amadabwa kuona kuti ali ndi owerenga okhulupirika ku Ashburn, ku Boardman kapena ku Council Bluffs. Ashburn ili ku Virginia, ndipo ndi amodzi mwa malo amene kuli nyumba za maseva zochuluka kwambiri padziko lonse. Boardman ndi katauni ka ku Oregon komwe Amazon inamanga nyumba zake za maseva. Ku Council Bluffs, m'chigawo cha Iowa, kuli za Google. Aliyense atha kubwereka kompyuta m'nyumba zimenezi pa mtengo wotsika n'kuyendetserapo bot yake.

Chachitatu ndi khalidwe. GA4 imati mlendo wachita chidwi ngati wakhala masekondi oposa 10, kapena watsegula masamba awiri, kapena wachita chinthu chimene mwini tsamba anachiika kukhala chofunika. Khamu la alendo limene onse atsegula tsamba limodzi lomwelo, onse akhala masekondi 0, palibe amene watsetsereka m'munsi kapena kudina kanthu, ndi lokayikitsa.

Chachinayi ndi chipangizo. Amalawi ambiri amalowa pa intaneti ndi foni za Android, monga Itel, Tecno ndi Samsung. Tsamba la mitengo ya mbatatesi likadzaza mwadzidzidzi ndi makompyuta a pa desiki, onse a sikirini yofanana kukula kwake, onse a bulawuza yakale yofanana, si anthu amenewo.

Chachisanu ndi dzina la tsamba limene mlendo akuti wafikapo. Alendo aja osafika n'komwe nthawi zambiri sadziwa dzina lenileni la webusaiti imene akuinamiza, choncho malo a dzinalo amakhala opanda kanthu kapena amakhala ndi dzina la tsamba la eni ake.

Chomaliza chimapezeka m'kaundula wa seva. Mukaona nambala imodzi ya IP ikupempha wp-login.php kambirimbiri, pamene webusaitiyo si ya WordPress n'komwe, kapena ikufunafuna mafayilo a mapasiwedi amene sanaikidwepo, ndiye kuti wina akugwedeza zitseko kuti aone chosakhoma.

Munthu wooneka ngati bot

Apa ndi pamene malangizo ambiri olembedwa kunja amasocheretsa Mmalawi. Zizindikiro zija zinaganiziridwa ndi anthu a intaneti yothamanga ndi yotsika mtengo. Munthu wa pa Chimbiya amatha kuoneka wokayikitsa pa zifukwa zimene sizikhudzana ndi chinyengo.

Wogula amene bandulo yake yatsala pang'ono sachezera pa tsamba. Amatsegula, amaona mtengo wa thumba, amakopera nambala ya foni, amatseka data. Zonsezi zimatha m'masekondi ochepa, ndipo ziwerengero zimamuika m'gulu la osachita chidwi, chonsecho ndi iyeyo amene aimbe foni n'kutumiza galimoto. Wina netiweki imamuthawa tsamba lisanamalize kutseguka, n'kuyesanso kanayi motsatizana, zimene pa seva zimaoneka ngati makina obwerezabwereza.

Makampani a mafoni amagawira makasitomala ambiri nambala imodzi ya IP pa nthawi imodzi. Mwini tsamba akapsa mtima n'kutseka nambala ina ya Airtel kapena TNM chifukwa yapempha masamba ochuluka, atha kutsekera kunja anthu ambiri osalakwa. Ndipo popeza nambalazo zimalembetsedwa m'mizinda, wa pa Chimbiya amaoneka ngati ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Ogwiritsa ntchito Opera Mini, imene ambiri amaikonda chifukwa imasunga data, masamba awo amayamba adutsira pa maseva a kampani ya Opera, kotero kuti kaundula amatha kuwaonetsa ngati ochokera kudziko lina.

Malire nawo ali pafupi. Kutsidya kwa Dedza kuli Angónia, m'chigawo cha Tete, kumene anthu amalankhula chinenero chomwechi, amalima mbewu zomwezi ndipo amagulitsana ndi Amalawi tsiku ndi tsiku. Mlendo wobwera pa netiweki ya Movitel kapena Vodacom atha kukhala wamalonda wa ku Ulongué. Alendo a ku South Africa ndiye ovuta kwambiri kuwaweruza. Ku Johannesburg ndi ku Cape Town kuli Amalawi ochuluka amene amatsatira za kumudzi ndi kutumiza ndalama, koma komweko Microsoft inatsegula nyumba zake za maseva mu 2019, ndipo Amazon inatsegula zake ku Cape Town mu 2020. Dzina la mzinda palokha silinena kanthu. Chofunika kuona ndi mwini netiweki: kodi ndi kampani ya mafoni, kapena ndi nyumba ya maseva?

Ngakhale mayeso aja otsimikizira kuti ndiwe munthu ali ndi mtengo wake. Dzina lawo lakuti CAPTCHA linayambika ku yunivesite ya Carnegie Mellon kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo Google inagula reCAPTCHA mu 2009. Mlimi amene wagwira foni yaing'ono ya galasi losweka amauzidwa m'Chingerezi kuti asankhe tizithunzi tonse tokhala ndi mipopi ya ozimitsa moto ya m'misewu ya ku America, chinthu chimene sanachionepo. Tizithunzito timadya data yake. Akalakwitsa, tibwera tina. Kachitatu amangosiya. Pamenepo mabot ambiri amakono amadutsa mayeso omwewo mosavuta, ena polipira makampani amene amalemba anthu ntchito yongoyankha CAPTCHA.

Chochita

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mzere ukakwera modabwitsa, choyamba ndi kufunsa ngati pali chifukwa chodziwika. Mwina wailesi inatchula tsambalo, mwina wina anaika linki m'gulu lalikulu la WhatsApp. Ngati palibe, mwini tsamba alembe tsikulo penapake, kenako agawe alendo a tsikulo potengera dziko, mzinda, chipangizo, kumene achokera ndi tsamba limene afikira. Kawirikawiri khamu lonse lachilendo limapezeka litaunjikana pa mzere umodzi.

Akalipeza, ndi bwino kulipatula poonera malipoti m'malo molifufutiratu. Sefa yokhazikika ya GA4 imagwira kuyambira tsiku limene yaikidwa kupita m'tsogolo, ndipo chimene yataya sichibwereranso. Sefa yolakwika imataya anthu enieni mpaka kalekale. Ndipo adiresi yachilendo yooneka m'lipoti isatsegulidwe, popeza kutsegulako ndi kumene wachinyengo akufuna.

Kusefa lipoti kumayeretsa manambala okha, seva imakhala ikulemedwabe. Kuti katundu achepe, ntchito imachitikira pakhomo. Fayilo ya robots.txt imabweza mabot aulemu. Makampani ngati Cloudflare, amene ali ndi gawo laulere, amaima pakati pa mlendo ndi seva n'kubweza ambiri mwa oipa. Seva itha kuuzidwa kuti ichedwetse aliyense amene akupempha masamba mothamanga kuposa mmene munthu angawerengere. Pa fomu patha kuikidwa kabokosi kosaoneka ndi maso: munthu sakadzaza chifukwa sakaona, koma bot imadzaza chilichonse n'kudziulula yokha, ndipo njira imeneyi siidyera mlimi data. Bot yodzitcha Googlebot itha kufufuzidwa poona ngati nambala yake ya IP ikubwereradi ku googlebot.com kapena google.com. Pofuna kutseka, ndi bwino kutseka netiweki ya nyumba ya maseva imene ikuvutayo kusiyana ndi kutseka dziko lonse kapena kampani ya mafoni.

Chachikulu koposa ndi kusintha chimene chikuwerengedwa. Gulu la alimi lija silifunika kudziwa kwenikweni kuti tsamba latsegulidwa kangati. Lifunika kudziwa kuti ndi angati adina batani la WhatsApp n'kulembadi uthenga, angati aimba foni, angati alipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Msungichuma akamafunsa wogula aliyense watsopano kuti, "Mwatidziwira kuti, bwana?" n'kulemba yankho m'kope, kopelo limatsimikizira kapena kutsutsa zimene sikirini ikunena. Lipoti lopita kwa othandiza lizinena zonse ziwiri: alendo onse olembedwa, ndi amene atsala makina atachotsedwa.

Pali zinthu ziwiri zoyenera kupewa. Choyamba ndi kugula alendo. Otsatsa olonjeza alendo zikwizikwi pa madola ochepa amagulitsa mabot, ndipo tsamba lokhala ndi malonda a Google AdSense litha kutsekeredwa akaunti chifukwa cha alendo oterewa. Chachiwiri ndi kusiya pulogalamu ya webusaiti osaikonzanso, kapena rauta ndi kamera zili ndi pasiwedi ya kufakitale, chifukwa zipangizo zotere ndi zimene akuba amazisandutsa mabot. Malamulo a dziko lino akukhudzanso nkhaniyi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa kapena kusokoneza kompyuta ya wina popanda chilolezo, ndipo pansi pa MACRA pali Malawi CERT yolandira madandaulo a zoterezi. Lamulo la Data Protection Act la 2024 limafuna kuti wosunga zambiri za anthu azisamale, ndipo kaundula wa alendo ayenera kugwiridwa ndi chisamaliro chomwecho.

Ndalama zimene zili kumbuyo

Mabot achuluka chonchi chifukwa muli phindu. Mu Disembala 2016 kampani ya White Ops inaulula chinyengo chotchedwa Methbot. Maseva obwereka ankanamizira kukhala anthu oonera malonda a kanema pa masamba abodza otengera maina a manyuzipepala ndi makanema otchuka, mpaka kuyendetsa kamuvi ka pa sikirini ngati dzanja la munthu. Mtsogoleri wake, Aleksandr Zhukov, anagwidwa ku Bulgaria mu 2018, ndipo mu 2021 khoti la ku New York linamulamula kukhala m'ndende zaka 10 chifukwa choba ndalama zoposa madola 7 miliyoni. Chinyengo chinzake chotchedwa 3ve, chimene chinathyoledwa mu 2018, chinkagwiritsa ntchito makompyuta a anthu wamba okwana 1.7 miliyoni eni ake osadziwa.

Africa inalawapo kale ukali wa mabot. Mu Novembala 2016 Daniel Kaye wa ku Britain, atalipidwa ndi munthu wa kampani yopikisana nayo, anatumiza khamu la makamera ndi zipangizo zina zobedwa ulamuliro kuti zikagwetse kampani ya mafoni ya Lonestar ku Liberia. Katunduyo anakula kwambiri moti intaneti ya dzikolo inasokonekera m'madera ambiri. Mu Januwale 2019 khoti la ku London linamulamula kukhala m'ndende miyezi 32.

Gulu latsopano

Kuyambira cha mu 2023 kwabwera mabot ena, otolera zolemba ndi zithunzi zophunzitsira makompyuta a nzeru zopangidwa. Ena amadzitchula maina, monga GPTBot ya OpenAI imene inalengezedwa mu Ogasiti 2023, ndipo mwini tsamba atha kuwalola kapena kuwakana mu robots.txt. Ena amabisala. Pa 1 Julayi 2025 Cloudflare inalengeza kuti masamba atsopano obwera kwa iyo aziyamba atatseka mabot oterewa, pokhapokha mwini wake atawatsegulira. Kwa wolemba m'Chichewa chisankhochi chili ndi mbali ziwiri. Kutseka kumateteza seva ndi thukuta la wolemba. Kutsegula kumathandiza kuti chinenero chimene chili ndi zolemba zochepa pa intaneti chidziwike kwa makina amene anthu ayamba kuwafunsa mafunso. Mwini tsamba aliyense ayenera kusankha akudziwa chimene akusankha.

Bungwe la Wikimedia Foundation, limene limayendetsa Wikipedia m'zinenero zoposa 300 kuphatikizapo Chichewa ndi Chitumbuka, linanena mu Epulo 2025 kuti data yotsitsira zithunzi ndi makanema inakwera ndi theka kuyambira Januwale 2024, ndipo magawo 65 pa 100 alionse a zopempha zodula kwambiri kuzikwaniritsa anali a mabot. Chapakati pa 2025 akatswiri ake anaona owerenga akuchuluka modabwitsa, makamaka ochokera ku Brazil. Anafufuza, anakonza njira yawo yozindikirira makina, n'kuwerenganso miyezi ya m'mbuyo. Anapeza kuti ambiri mwa alendo owonjezereka a mu Meyi ndi Juni anali mabot odzibisa ngati anthu. Mu Okutobala 2025 bungweli linafalitsa ziwerengero zokonzedwazo poyera, ndipo zinasonyeza kuti anthu enieni otsegula Wikipedia anali atatsika ndi magawo pafupifupi 8 pa 100 alionse poyerekeza ndi miyezi yomweyo ya 2024.